Mwana wanga anasunga lonjezo kwa wabuluu

Agogo,

Ndine mayi wamasiye, zaka zanga zapitirira makumi asanu ndi awiri, ndipo kunyuzipepala ndinalemberako kamodzi kokha, kudandaula za mabasi. Lero ndalemba chifukwa nkhani imene ndili nayo sindingaikambe ndi aliyense kuno. Aliyense wasankha kale mbali, ngakhale wogulitsa nyama.

Kwathu kuno ndi kumigodi ya malasha, ngakhale migodiyo anaitseka kalekale. Pandale ndife ofiira, a chipani cha anthu ogwira ntchito, kuyambira makolo athu. Malemu mwamuna wanga Arnold anagwira ntchito pansi mumgodi mpaka tsiku limene anakhoma chipata, ndipo pa sitiraka yaikulu ija ine ndinali m'gulu la amayi amene tinkaphikira mabanja kuholo. Zimene timakhulupirira sizovuta: chipatala, sukulu, madzi, sitima ndi malo osamalira okalamba zikhale za anthu onse, osati za munthu wofuna phindu. Abuluu, a chipani cha eni chuma, amaona mosiyana, ndipo nthawi ya kampeni akagogoda pakhomo panga ndimawatsekera chitseko asanamalize moni. Ndanena izi kuti musaganize kuti ukalamba wandifewetsa.

Mwana wanga Leanne ndi khansala wa dera lathu lino. Anakulira m'misonkhano ya chipani, akugona pa majasi a anthu kumbuyo kwa holo. Zaka zapitazi takhala tikuonera limodzi pa TV akuluakulu a ku London akupatsa anzawo makontirakiti, akuswa malamulo opanga okha, kenako n'kuima pamaso pa dziko kunama osaphethira. Athu ena ofiira nawonso atichititsapo manyazi, sindingabise. Leanne ankandiuza kuti, "Amayi, tsiku limene ndidzachite ngati amenewa, mudzandikoke khutu pamsika pomwe." Ndinkayankha kuti asadandaule, khutulo ndimalidziwa pamene lili.

Kukhonsolo kwathu chiwerengero cha makhansala ofiira ndi abuluu chimasiyana pang'ono kwambiri, moti munthu mmodzi akagwidwa chimfine nkhani ikhoza kugwera kwina. Ndiye pali mwambo wakale, wosalembedwa paliponse, umene anatengera ku Nyumba ya Malamulo. Khansala akakhala pa matenda kapena pa maliro, wina wa mbali inayo amalonjeza kuti nayenso savota tsiku limenelo, kuti tsoka la munthu lisasanduke phindu la chipani. Tsiku limene Arnold ankatisiya, Leanne anali nane pambali pa bedi chifukwa mayi wina, khansala wabuluu, anakhala panja osavota. Athu anapambana tsiku limenelo, ndipo sindinamve wofiira aliyense akudandaula za mwambowu.

Mwezi watha mkazi wa khansala wina wabuluu, Bambo Alastair Fenwick, anali kumapeto ndi khansa. Fenwick ndi munthu wa minda ikuluikulu ndi mahatchi, amene sindingamuvotere ngakhale atandilonjeza mano atsopano. Anaimbira Leanne kumupempha kuti nayenso asavote, mwana n'kuvomera pomwepo. Nthawi imeneyo msonkhano umene ankanenawo unali wa zinyalala ndi magetsi a mumsewu basi. Patangotsala pang'ono, tinangomva kuti nkhani ya Nyumba ya Lindley yalowetsedwa mumsonkhano womwewo. Kaya abuluu anachita dala, kaya zinangochitika, ine sindikudziwa. Fenwick akulumbira kuti sanadziwe kalikonse, ndipo mmene zinalili kunyumba kwake, mwina ndi zoona.

Lindley ndi nyumba ya khonsolo yosamalira okalamba, yokhayo imene yatsala kuno. Abuluu ankafuna kuigulitsa kwa kampani. Tinaona kale m'matauni oyandikana nafe zimene zimatsatira: antchito akale amachoka, obwera sakhalitsa, ndipo nkhalamba imasambitsidwa ndi nkhope yachilendo sabata iliyonse.

M'mawa wa tsiku lovota mkulu wa makhansala ofiira anamuimbira Leanne. Leanne anandifotokozera yekha mawu a mkuluyo: "Iwe, zonena pafoni n'kumati lonjezo? Lowa, kweza dzanja, mawa ukapepesa ndi maluwa." Leanne anayesa kuimbira Fenwick kuti amumasule, koma foni inali yozimitsa, munthu ali pambali pa mkazi wake. Ndiye anapita kukhonsolo, anaimirira n'kutsutsa kugulitsako mpaka mawu kusasa, ndipo nthawi yovota itakwana ananyamula chikwama chake n'kukakhala pabenchi pakhonde. Tinaluza ndi voti imodzi. Akanavota zikanafanana, ndipo meya, amene ndi wathu, akanagamula mokomera ife. Mayi Fenwick anamwalira sabata yomweyo.

Tsopano ndikuuzeni za a Clifford Sykes. Anali mnzake wa pamtima wa Arnold, anagona limodzi m'chitokosi pa sitiraka ija. Leanne amawatcha Amalume Cliff, ndipo ndi iwo anamuphunzitsa kuyankhula pagulu atamuimika pa kireti ya mowa kukalabu. Akazi awo a Jean ali ku Lindley. Anaiwala aliyense, ine ndemwe, kupatula a Cliff ndi mayi mmodzi wantchito amene wakhala akuwasambitsa chibwerereni. Mayi ameneyo wayamba kale kufunsa ntchito kwina.

A Cliff anabwera kwathu tsiku lotsatira voti ija, tiyi anakana, mpando anakana.

"Alamu," anatero, "mwana wanu wasunga ulemu wake, zikomo kwambiri. Koma walipira ndani? Walipira Jean."

Ndinati, "A Cliff, munthu anali atalonjeza."

"Analonjeza kwa ndani? Kwa Fenwick wa mahatchi? Nanga kwa ife amene tinayenda pamvula kumupemphera mavoti sanalonjeze? Ife ofiira ndi mmene timaluzira, timapita kunkhondo titavala zakutchalitchi. Abuluu akanachita zimenezi?"

"Anachitapo. Tsiku limene Arnold ankamwalira. Munali pomwepo."

Anati, "Tsiku lija nkhani inali ya malo oimika magalimoto, alamu. Musayerekeze." Atatero anatuluka.

Chichokereni tsiku limenelo ndikalowa kukalabu nkhani zimaduka. Wina analemba ndi chala pafumbi la galimoto ya Leanne kuti "wogulitsa". Lachinayi likubwerali nthambi yathu ya chipani ivota ngati Leanne aimirenso pa chisankho chikudzachi kapena asiyire wina, ndipo amene abweretsa nkhaniyi ndi a Cliff. Akamukana, ntchito imene waigwira ndi mtima wonse ithera pomwepo, ndipo amuchotsa ndi anthu amene anamulera.

Mnyamata wina wa kuofesi ya chipani, wa nsapato zosongoka, anamupatsa njira yothawira. Akuti, "Mungonena kuti munamva chizungulire n'kutuluka kukapuma, anthu akhululuka." Leanne anamuyankha kuti, "Chizungulire ndikuchimva panopa, pomvera inu." Makani amenewa anatengera bambo ake, pakamwa ndiye ndi panga.

Ndiyeno Loweruka lapitali wina anagogoda, ndikatsegule, ndi Fenwick, tayi yakuda ili pakhosi. Chitseko ndinachigwira kale kuti nditseke monga mwa masiku onse, koma munthu woferedwa sungamutsekere. Ndi wabuluu woyamba kulowa m'nyumba mwanga. Tiyi ndinamuthirira mu kapu ya chikumbutso cha sitiraka, dala, ndipo anamwa yense. Anati wamva zimene zikumuchitikira Leanne, akufuna alembe kunyuzipepala kumuyamikira, kapenanso abwere Lachinayi adzayankhule yekha. Ndinati, "Bambo Fenwick, ngati mukufuna kumumaliza mwana wanga, mumuyamikire pagulu." Anaseka, kenako misozi inayamba kutsika, anati, "Ndinali nditamugwira dzanja mkazi wanga masana amenewo, mayi. Pakanapanda mwana wanu, anzanga akanandiitanitsa." Ndinamupatsa bisiketi, popeza china chomupatsa ndinalibe.

Agogo, ndinene poyera zimene sindingathe kunena kukalabu: ndikunyadira. Ndikunyadira mwana wanga kuposa tsiku limene anawina chisankho. Zaka zonsezi tinkakalipira TV kuti andale asunge mawu awo, ndiye mmodzi wawasunga, wotuluka m'mimba mwanga, pamene kuwasunga kunali kowawa. Ndikamuona akutsika mumsewu wathu mutu uli m'mwamba, akupereka moni kwa anthu amene sakumuyankha, mtima wanga umadzaza. Koma ndikapita ku Lindley n'kuona a Jean atagwira mkono wa mayi wantchito uja, kunyadako kumandilemera, ndipo ndimabwerako ndili chete.

Vuto langa ndi ili. Leanne wandiletsa kupita Lachinayi. Anati, "Amayi, musabwere. Mukavota adzati ndapulumukira dzanja la amayi anga. Mukayankhula, ndimakudziwani, inu ndi Amalume Cliff simudzalankhulananso mpaka kumanda. Nkhaniyi ndi yanga, ndisiyireni." Ine msonkhano wa nthambi sindijomba, ndinkapita ngakhale iyeyo ali m'mimba. Ndipo mmene ndikumvera, mavoti ayandikana kwambiri.

Ndimumvere mwana ndikhale pakhomo, kapena ndipite? Ndikapita, ndiyankhule? Nanga bambo wa mahatchiyu nditani naye?

E. O., Harthwaite

Mayi E. O.,

Nyadirani, ndipo lekani kunyadira mobisa ngati mwaba. Kukalipira andale a chipani china pa TV aliyense amatha, kulibe mtengo. Khalidwe la munthu wosankhidwa limaoneka tsiku limene kusunga mawu kukupweteka mbali yake yomwe, anzake akumukoka malaya kuti angolowa. Mwana wanu anayesedwa pamenepo ndipo sanagwe. Anakananso bodza la chizungulire, limene likanamupulumutsa mosavuta. Inenso kugulitsa nyumba za okalamba kumandinyansa, koma kupambana chifukwa mkazi wa mnzako akumwalira si kupambana kumene ndingakuombere m'manja. Mwambo umenewu ukathyoka kamodzi watha, ndipo mawa ndi khansala wanu wofiira amene adzachotsedwe pabedi lachipatala kuti akakweze dzanja.

Koma musandikonde msanga. A Cliff akunena zoona pa chinthu chimodzi chachikulu, ndipo inu mukudziwa, n'chifukwa chake mumabwerako ku Lindley muli chete. Ulemu ndi wa Leanne, koma amene asenza katundu wake ndi a Jean. Munthu amene mkazi wake akutaya nkhope imodzi mwa ziwiri zimene amazizindikira padziko lapansi ali ndi ufulu wopsa mtima. Si mdani, ndipo si wopusa.

Leanne sanalakwe posunga lonjezo. Pamene anaterereka ndi polipereka. Anavomera pafoni ndi mtima wabwino, osafunsa anzake, osanena kuti lonjezoli ndi la nkhani zimene zilipo panopa, zikasintha tikambirananso. Khansala salonjeza ndi dzanja lake lokha, dzanjalo anabwereka kwa anthu. Simunandiuzenso ngati anapita kwa mtsogoleri wa abuluu kukapempha kuti nkhani ya Lindley idikire msonkhano wina. Ngati anapita n'kukanidwa, anthu amve zimenezo Lachinayi. Ngati sanapite, avomere yekha asanafunsidwe. Muuzeni kuti akaime pamaso pawo anene zonse ziwiri: kuti mawu ake sakanawabweza, komanso kuti akanatha kuwapereka mwanzeru. Asakapepese chifukwa chosunga lonjezo, ndipo asakadzionetse ngati woyera pakati pa ochimwa. Anthu a kwanu angakhululukire munthu wolakwitsa, koma wowayang'anira pansi ayi.

Inuyo ntchito yanu iyambe Lachinayi lisanafike. Pitani ku Lindley nthawi imene a Cliff amakhala kumeneko. Musapite kukawina mkangano, umenewo munaluza kale ndipo dziko silinathe. Khalani nawo, athandizeni kumwetsa a Jean tiyi, ndipo potuluka muwauze maso ndi maso kuti mubwera kumsonkhano ndipo muvotera Leanne. Asakadzidzimuke m'holo. Musawapemphe kuti abweze nkhani yawo. Ali ndi ufulu woibweretsa, monga inu muli ndi ufulu woikana. Mukawauzenso kuti nkhondo ya Lindley simunaisiye. Voti yadutsa, koma zoti antchito akale asungidwe ndi malipiro awo, zoti mabanja azimvedwa, zimenezo zimakambidwa pambuyo pake, ndipo zimafuna anthu a pakamwa ngati panu ndi mwana wanu atakhala pakhosi pa kampaniyo tsiku ndi tsiku.

Za bambo wa mahatchi munayankha bwino kale. Asalembe, asabwere. Chiyamiko cha wabuluu m'holo ya ofiira chingomukwirira mwanayo. Ngati mtima wake ukufuna kubweza, ali ndi dzanja lake kukhonsolo ndipo ali ndi makutu a anzake, akalimbikire kuti antchito a ku Lindley asachotsedwe. Koma chenjerani apa: Leanne asamupemphe zimenezi ngakhale pang'ono. Akangotero, lonjezo lija lasanduka malonda, ndipo amene analemba pagalimoto paja adzakhala kuti analondola. Inu si khansala. Ndinu mayi amene munamupatsa tiyi, mukhoza kumuuza maganizo anu ngati mmene mungauzire aliyense, ndipo ndikukhulupirira kuti simudzasowa mawu.

Tsono funso lanu lenileni. Pitani. Apa mwana wanu walakwitsa, ngakhale walakwitsa chifukwa chokukondani. Voti imeneyo si ya mayi ake a Leanne, ndi ya membala amene wakhala m'nthambiyo iye asanabadwe, ndipo khansala alibe mphamvu youza membala kuti akhale kunyumba, kaya kuti zimukomere kaya kuti zimuipire. Mumuuze lero, mofatsa, kuti mwamva nkhawa yake koma mubwera. Dzifunseni kaye funso limodzi moona mtima: akanakhala mwana wa a Cliff amene anakhala pabenchi paja, mukanamuvotera? Ngati yankho ndi inde, ndiye palibe amene angakunyozeni.

Koma pa zoyankhula, mumvereni. Musatsegule pakamwa. Ndawerenga kalata yanu, ndaona mmene mumabayira, ndipo ndasangalala nazo, koma m'holo muja mawu aliwonse anu adzamveka ngati mayi akuteteza mwana, ndipo mukangowabaya a Cliff pagulu mudzataya mavoti pamodzi ndi mnzanu wa moyo wonse. Leanne ndi wamkulu, adziyankhulira. Wina akamutukwana, lumani lilime, yang'anani pansi, zidutse.

Chenjezo langa lomaliza ndi lowawa. Akhoza kuluza. Kuchita bwino sikulonjeza mpando, ndipo ine sindikunamizani kuti anthu adzazindikira pofika Lachinayi. Zikatero, musatuluke mukutukwana kuti ndi osayamika, musasiye kupita kukalabu, musasiye kukaona a Jean. Anthu amenewo ndi anu, ndipo Leanne adzafunika kuyenda pakati pawo kaya ndi khansala kaya ayi. Musamulonjezenso kuti zonse zikhala bwino, iyeyo amadziwa bodza akalimva.

Chimene mungamupatse ndi ichi. Mukafike msanga, mukakhale kutsogolo pamene akakuoneni. Akadzafunsa amene akufuna kuti Leanne aimirenso, musakayang'ane kumbuyo kuti muone ena atani. Mukakweze dzanja lanu m'mwamba ndithu, ngakhale litakhala lokha m'holo monsemo.

Agogo